Kusankha quarterback: juga yaikulu ya matimu a mpira wa ku America

Kumapeto kwa April 2025 dzina la Shedeur Sanders linali pakamwa pa aliyense wotsatira masewera ku America, ndipo phokoso lake linafika mpaka m'mafoni mwathu. Mnyamatayu, mwana wa katswiri wakale Deion Sanders, anali atasewera bwino ngati quarterback ku yunivesite ya Colorado, ndipo olosera ambiri ankati atengedwa tsiku loyamba lenilenilo la draft, mwambo umene matimu a ligi ya NFL amasankhira osewera atsopano motsatana. Lachinayi linadutsa dzina lake osamveka. Lachisanu chimodzimodzi. Anadzatengedwa Loweruka ndi Cleveland Browns pa nambala 144, timu yomweyo itatenga kale mnyamata wina wa malo omwewo, Dillon Gabriel, pa nambala 94.

Kwa munthu wozolowera mpira wa miyendo, nkhaniyi ndi yozunguza mutu. Ngati mnyamatayo ndi waluso, bwanji timu yomufuna sinangotuma anthu kukakambirana naye, monga amachitira a Bullets kapena a Wanderers akaona wosewera wabwino kwina? Nanga zikutheka bwanji kuti matimu 32 amudumphe mobwerezabwereza, pomwe chaka chimodzi chokha m'mbuyomo anyamata 6 a malo omwewo anali atatengedwa kale pofika nambala 12?

Quarterback ndi ndani m'bwalo?

Mpira umene ukukambidwa pano si wa miyendo, ngakhale eni ake amautcha football. Ndi wa manja, wooneka ngati dzira, ndipo ligi yake yaikulu ndi NFL. Mbali iliyonse imakhala ndi osewera 11. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa maulendo anayi kuti iusunthe mayadi 10 kupita kutsogolo, omwe ndi mamita 9 ndi pang'ono. Ikakwanitsa imapatsidwa maulendo ena anayi. Ikalephera mpira umapita kwa adani. Ulendo uliwonse ukatha masewera amaima, osewera n'kufolanso pamzere, maso ndi maso.

Poyambira pamakhala pamodzimodzi. Wosewera wapakati pa mzere amawerama n'kukankhira mpira kumbuyo kudzera pakati pa miyendo yake, ndipo amene amaulandira ndiye quarterback. Asanaugwire amakhala atagwira kale ntchito yambiri. M'chipewa chake cholimba muli kasipika komwe kochi amamuuzira njira yoti timu itsate, koma mawu a kochiyo amazimitsidwa kukatsala masekondi 15 kuti nthawi yoyambira ithe. Kuchokera pamenepo ali yekha. Amauza anzake 10 zochita, amaona mmene adani aimira, amayesa kudziwa amene akubwera kudzamugwetsa, ndipo akazindikira kuti njira ya kochi igwera mumsampha amaisintha pomwepo. Mpira ukafika m'manja, kawirikawiri amakhala ndi masekondi atatu okha oti asankhe womuponyera, uku zimphona za makilogalamu oposa 100 zikumulondola.

Tengani wosewera wa nambala 10, kaputeni ndi wachiwiri kwa kochi, muwaumbe akhale munthu mmodzi, kenako mukhazikitse lamulo loti timu isapite kutsogolo mpira usanadutse m'manja mwake. Ameneyo ndiye quarterback. Mu mpira wathu timu imatha kupambana katswiri wake ali pa benchi. Ku NFL timu yopanda quarterback wodalirika imatha zaka zambiri ikungozungulira pamodzimodzi, ndipo anthu oitha bwino ntchitoyi sakwanira n'komwe matimu onse 32.

Draft: wothera pansi ndiye ayambe kusankha

Ku NFL wosewera watsopano sasankha timu. Timu ndi imene imamusankha, ndipo matimu amatero motsatana, pamzere. Mwambo umenewu ndi umene umatchedwa draft. Unayamba mu 1936 potsatira ganizo la Bert Bell wa Philadelphia Eagles, amene anatopa kuona matimu olemera akusesa anyamata onse aluso. Masiku ano umatenga masiku atatu ndipo uli ndi ndime 7. M'ndime iliyonse timu ili ndi mpata umodzi, ndipo kuphatikiza mipata yowonjezera imene ligi imagawa, anyamata oposa 250 amatengedwa. Pafupifupi onse amachokera ku mpira wa m'makoleji, ndipo lamulo limati papite zaka zitatu chimalizireni sekondale.

Chodabwitsa ndi ndondomeko yake. Timu imene yachita moipa kwambiri sizoni yapitayo ndi imene imayamba, ndipo yotenga chikho cha Super Bowl, yomwe ndi fainolo ya ligiyo, imasankha pomaliza. Kulibe zotsika mu ligi. Zili ngati timu yothera pansi mu Super League, m'malo modulidwa, ipatsidwe ufulu wotenga mnyamata waluso kuposa onse m'dziko. Mnyamatayo alibe chonena, kupatula ochepa amene anali ndi pokanira. John Elway anakana kusewerera Baltimore Colts mu 1983 mpaka anamupereka ku Denver, ndipo Eli Manning anachita zomwezo kwa San Diego Chargers mu 2004, n'kukathera ku New York Giants.

Mipata yosankhira imeneyi ndi katundu wogulitsika. Timu ikhoza kupereka mipata yake ya chaka chino, ya zaka zikubwerazo, ngakhale wosewera wake, kuti ikwere pamzere.

Masamu a malipiro

Munthu angaganize kuti matimu amathamangira achinyamata chifukwa cha luso lokha. Gawo lalikulu la nkhaniyi lili m'thumba.

Ligi imaika malire a ndalama zimene timu ingalipire osewera ake onse pa chaka. Mu 2025 malirewo anali madola 279.2 miliyoni, ofanana kwa aliyense, kaya mwini timu ndi wolemera chotani. Ndiye kuti ndalama yopita kwa munthu mmodzi imachoka m'mbale yomweyo yodyera anzake. Quarterback wokhwima ndi wodula: mu 2024 Dak Prescott anasaina ndi Dallas Cowboys kontrakiti ya madola 60 miliyoni pa chaka.

Kale ngakhale wongoyamba kumene ankadula. Sam Bradford, woyamba kutengedwa mu 2010, anapatsidwa kontrakiti ya zaka 6 ya madola 78 miliyoni, ndipo 50 miliyoni mwa ndalamazo anali woti alandira zivute zitani, asanaponyeko mpira ngakhale kamodzi mu ligiyo. Mgwirizano wa 2011 pakati pa eni matimu ndi bungwe la osewera unathetsa zimenezo poika mitengo yokhazikika malinga ndi nambala imene munthu watengedwera. Cam Newton, woyamba wa chaka chimenecho, analandira madola 22 miliyoni a zaka zinayi. Kuyambira pamenepo aliyense wotengedwa amasaina zaka zinayi, ndipo kwa a m'ndime yoyamba timu ili ndi ufulu wowonjezera chaka chachisanu.

Phindu lake n'loonekeratu. Caleb Williams, woyamba wa 2024, anasaina kontrakiti yomupatsa madola osakwana 10 miliyoni pa chaka. Poyerekeza ndi mtengo wa Prescott, timu yake imatsala ndi ndalama zambiri zogulira omutchinjiriza, owakha mipira ndi otseka kumbuyo. Seattle Seahawks inatenga chikho mu February 2014 pamene Russell Wilson, wotengedwa pa nambala 75, ankalandira madola osakwana 1 miliyoni pa chaka. San Francisco 49ers inafika mu fainolo ya February 2024 ndi Brock Purdy wa malipiro onga omwewo. Zaka zotchipazi zili ngati mvula yobzalira: ukachedwa nayo siibwerera. Mu 2025 Purdy yemweyo anasaina kontrakiti ya zaka 5 ya madola 265 miliyoni.

Zimene zimayezeka ndi zimene sizimayezeka

Timu iliyonse ili ndi gulu la osaka luso amene amayendayenda m'makoleji chaka chonse. Amaonera pa kanema mpira uliwonse umene mnyamata anaponyapo, amacheza ndi makochi ake, omuthandiza akavulala, ngakhale osamalira zovala za timu, kufuna kumva mmene amakhalira makamera akazima. Chakumapeto kwa February anyamata oposa 300 amaitanidwa ku Indianapolis ku msonkhano wotchedwa Combine, komwe madokotala amawapima, n'kuwayeza msinkhu, kulemera ndi liwiro pa mtunda wa mayadi 40. Ngakhale chikhatho chimayezedwa. Mu 2022 anthu anatha masabata akukangana za chikhatho cha Kenny Pickett, cha mainchesi 8.5, poopa kuti mpira uzimupulumuka kukamazizira kapena kukagwa mvula. Mu 2023 mkangano unali pa msinkhu wa Bryce Young, wa masentimita 178: aona bwanji kutsogolo ataima kumbuyo kwa anthu otalika pafupifupi mamita awiri?

Komabe kwa quarterback, zolemera kwambiri zimachitikira m'chipinda. Kochi amajambula njira ya kasewero pa bolodi, amafufuta, amacheza naye nkhani zina kwa kanthawi, kenako amamupatsa cholembera kuti aijambulenso ndi kufotokoza ntchito ya wosewera aliyense. Amamuonetsa kanema wa tsiku limene anasewera moipa n'kumufunsa chinachitika, khutu lili tcheru kuti amve ngati avomera kulakwa kapena aloza chala anzake. Timu iliyonse imaloledwa kuitanira anyamata 30 kulikulu kwake kuti ikawaone mofatsa.

Ndi khama lonseli, amaphonyabe, ndipo amaphonya kwambiri. Chifukwa chachikulu n'chakuti mpira wa kukoleji ndi wa NFL ndi wosiyana ngakhale malamulo akufanana. Mnyamata wa ku koleji yamphamvu amasewera ndi anzake oposa adani awo kutalitali, ndiye amaponyera munthu amene waima yekha poyera. Mu NFL aliyense ndi wothamanga, mpata woponyera ndi wochepa ngati zenera la bafa, ndipo umatsekeka msanga. Ayenera kuponya mpira kumene mnzake adzafike, mnzakeyo asanatembenuke n'komwe. Adani nawo amabisa zolinga zawo mpaka mpira utayambika. Kaganizidwe kachangu kotereka, munthu atamenyedwa kale kangapo ndipo nthiti zikuwawa, palibe sikelo yokayezera.

Mu 1998 akatswiri anagawanika pakati pa Peyton Manning ndi Ryan Leaf. Ambiri ankati Leaf ali ndi mkono wamphamvu ndi thupi lalikulu. Indianapolis Colts inatenga Manning pa nambala 1, San Diego inatenga Leaf pa nambala 2. Manning anadzatenga zikho ziwiri ndi mphoto ya wosewera wopambana onse kasanu. Leaf anachotsedwa patatha zaka zitatu. JaMarcus Russell, woyamba wa 2007, ankaponya mpira mtunda wodabwitsa, koma Oakland Raiders inamuchotsa mu 2010. Chikomekome cha mkuyu. Mbali inayi kuli Tom Brady, amene ku Combine ya 2000 anathamanga mayadi 40 m'masekondi 5.28, liwiro la kamba pa mlingo wa kumeneko. Anatengedwa pa nambala 199, anzake 6 a malo omwewo atatengedwa kale, ndipo anapuma pa mpira ali ndi zikho 7. Purdy uja anali womaliza weniweni mu 2022, nambala 262. Ngakhale mayeso a kaganizidwe sapulumutsa: mu 2023 kunamveka kuti C.J. Stroud sanakhoze mayeso otchedwa S2, koma Houston Texans itamutenga pa nambala 2, iye ndi amene anapambana mphoto ya wosewera watsopano wabwino kwambiri kumbali yopita kutsogolo.

Pamenepa akatswiri ali pawiri. Ena amati tenga wa mkono ndi miyendo, zina zonse tidzamuphunzitsa. Umboni wawo ndi Josh Allen, amene ku yunivesite ya Wyoming mipira 56 yokha pa 100 iliyonse inkafika kwa mnzake, koma Buffalo Bills inamutenga pa nambala 7 mu 2018 ndipo anadzakhala wosewera wopambana onse mu sizoni ya 2024. Amatchulanso Lamar Jackson, amene ena ankati asiye kuponya azikawakha mipira, koma atatengedwa pa nambala 32 chaka chomwecho anapambana mphotoyo kawiri. Ena amati tenga amene wasewera masewera ambiri, waona misampha yambiri. Iwo amaloza Mitchell Trubisky ndi Anthony Richardson, amene aliyense anayamba masewera 13 okha kukoleji ndipo mu NFL anavutika, kusiyana ndi Jayden Daniels ndi Bo Nix amene anafika atayamba masewera oposa 50 ndipo anazolowera msanga. Mbali zonse ziwiri zili ndi mayina ozitsimikizira ndi ena ozichititsa manyazi.

Mtengo wokwera pamzere

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 a Dallas Cowboys, kochi wawo ali Jimmy Johnson, anakonza tchati chopatsa mpata uliwonse mtengo. Nambala 1 inapatsidwa mapointi 3,000, nambala 32 mapointi 590. Tchaticho chinafalikira mu ligi yonse ndipo chinakhala ngati sikelo ya pamsika. Akatswiri awiri a zachuma, Cade Massey ndi Richard Thaler, atafufuza zotsatira za zaka zambiri anapeza kuti matimu amadzikhulupirira mopitirira pa luso lawo losankha ndipo amalipira mopyola muyezo kuti akwere. Nzeru, malinga ndi iwo, n'kutsika pamzere n'kusonkhanitsa mipata yambiri. Oyendetsa matimu amayankha kuti zimenezo n'zoona pa malo ena onse, koma quarterback mmodzi wabwino amaposa osewera wamba asanu.

Nkhani zitatu zikuonetsa mmene zimathera.

Mu 2017 Kansas City Chiefs inachoka pa nambala 27 kufika pa 10, n'kupereka kwa Buffalo mpata wa m'ndime yachitatu ndi wa m'ndime yoyamba ya 2018, kuti itenge Patrick Mahomes wa ku yunivesite ya Texas Tech. Wawabweretsera zikho zitatu. Chicago Bears, imene tsiku lomwelo inakwera kuchoka pa 3 kufika pa 2 kuti itenge Trubisky, mpaka lero imakumbutsidwa.

Mu 2021 a 49ers anapereka nambala 12, mipata ya m'ndime yoyamba ya 2022 ndi 2023 ndi wina wa m'ndime yachitatu, kuti atenge Trey Lance pa nambala 3. Anayamba masewera anayi okha asanamupereke ku Dallas. Chinawabisira manyazi ndi Purdy, amene anamutola pomaliza osayembekezera kanthu. Ndipo Lance sanali yekha: mwa anyamata asanu a malowa otengedwa m'ndime yoyamba ya 2021, pofika sizoni ya 2024 ndi Trevor Lawrence yekha amene anali adakali pa timu yomutenga.

Yowawa kwambiri ndi ya Carolina Panthers. Mu 2023 inakwera kuchoka pa 9 kufika pa 1 kuti itenge Bryce Young, n'kupatsa Chicago wowakha mipira wake wodalirika DJ Moore ndi mipata inayi, kuphatikizapo wa m'ndime yoyamba ya 2024. Young anafika pa timu yofooka. Inapambana masewera awiri mwa 17, kochi Frank Reich anachotsedwa sizoni isanathe, ndipo popeza inathera pansi, mpata umene inagulitsa uja unasanduka nambala 1. Chicago inatenga nawo Caleb Williams.

Kumuponya m'madzi kapena kumusunga pa benchi

Kusankha ndi theka chabe la ntchito. Draft ili ndi msampha wake: mnyamata wabwino kwambiri amapita ku timu yofooka kwambiri, kumene omutchinjiriza ndi osalimba ndipo kochi ali pafupi kuchotsedwa. David Carr, woyamba wa 2002, anapita ku Houston Texans imene inali itangokhazikitsidwa kumene, ndipo anagwetsedwa ali ndi mpira maulendo 76 m'sizoni yake yoyamba. Munthu womenyedwa chotero amayamba kuyang'ana omuthamangitsa m'malo moyang'ana womuponyera.

Green Bay Packers imatsata njira ya kuona maso a nkhono. Inatenga Aaron Rodgers pa nambala 24 mu 2005 n'kumukhazika zaka zitatu kumbuyo kwa Brett Favre, kenako inatenga Jordan Love pa nambala 26 mu 2020 n'kumukhazika zaka zitatu kumbuyo kwa Rodgers. Mahomes naye anatha chaka akuphunzira kwa Alex Smith. Vuto lake mwaliona kale: chaka chilichonse cha pa benchi ndi chaka chotchipa chotayika. Ndipo otsutsa ali ndi zitsanzo zawo. Peyton Manning anasewera kuyambira tsiku loyamba, m'sizoni yoyambayo mipira yake 28 inawakhidwa ndi adani, timu inapambana masewera atatu okha, koma sanasweke. Daniels anatengera Washington Commanders mpaka pakhomo pa Super Bowl m'chaka chake choyamba.

Palinso amene amaoneka olephera pomwe cholephera ndi malo. Sam Darnold anakanika ku New York Jets imene inamutenga pa nambala 3 mu 2018, koma mu 2024 anapambana masewera 14 ndi Minnesota Vikings. Baker Mayfield, woyamba wa chaka chomwecho, anatayidwa ndi Cleveland n'kukatsitsimukira ku Tampa Bay.

Tisaiwale kuti osankhawo ndi anthu oteteza ntchito zawo. Mkulu woyendetsa timu akatenga quarterback watsopano amagula nthawi, chifukwa mwini timu ndi ochemerera amalola kudikira kuti mwana akule. Akalakwitsa, iye ndi kochi amachoka limodzi, ndipo obwera pambuyo pawo amafuna munthu wawowawo. Arizona Cardinals inatenga Josh Rosen pa nambala 10 mu 2018. Chaka chotsatira, kochi atasintha, inatenga Kyler Murray pa nambala 1.

Nanga Sanders anagwa bwanji?

Malo ena m'bwalo amafuna anthu atatu kapena anayi nthawi imodzi, choncho wosewera wabwino sachedwa kupeza timu. Quarterback amasewera mmodzi. Chaka chilichonse matimu ofunadi watsopano amakhala owerengeka, ndipo akangomudumpha munthu, otsalawo amakhala akusaka wa pa benchi. Pamenepo mafunso amasintha. Safunsanso ngati angatenge chikho. Amafunsa ngati angakhale phee kumbuyo kwa mnzake, atolankhani osadzaza pakhomo tsiku lililonse. N'chifukwa chake quarterback satsika pang'onopang'ono: akaphonya ndime yoyamba amatha kugwa ndime zitatu kapena zinayi.

Mu 2025 awiri okha anatengedwa m'ndime yoyamba: Cam Ward ku Tennessee Titans pa nambala 1 ndi Jaxson Dart ku New York Giants pa nambala 25. Za Sanders, oonera makanema ankayamikira kulondola kwa mipira yake koma ankadandaula kuti amachedwa nawo m'manja ndipo amagwetsedwa kawirikawiri. Manyuzipepala analembanso mawu a anthu osatchulidwa mayina onena kuti macheza ake ndi matimu ena sanayende bwino, pomwe omuikira kumbuyo ankati akulangidwa chifukwa chodzidalira ndi kutchuka kwa bambo ake. Matimu saulula zimene analemba m'mabuku awo. Chimene chinaonekera poyera ndi kusiyana kwa makontrakiti a zaka zinayi: Ward anasaina ya madola pafupifupi 49 miliyoni, Sanders ya madola osakwana 5 miliyoni.